Phazi la Overton

Al Quoz, Dubai
6 Febuluwale 2010

Okondedwa achemwali anga a Matildah,

Overton Likoswe, amuna anuwo, ndiye anandiphera dzina. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mukamamuwerengera kalatayi pakhonde asayese kuti ndi mafuno a chaka chatsopano ochedwa panjira. Moni ulipo, ndausunga kumapeto. Mumukhazike pafupi, chifukwa ndamva kuti masiku ano makutu ake amasankha zoti amve.

Ndikukumbutseni za Ogasiti 1978, pagalaja ya kampani yonyamula katundu ija ku Limbe. Ndinali pansi pa lole yobiriwira, kuchotsa mpweya m'mabuleki. Inu si makaniko, ndiye ndifotokoze. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amakhala pampando wa dalaivala, wina amagona pansi ndi sipanala pakabawuti kakang'ono kamene timati nipulo. Wapansi akati ponda, wapampando amaponda katatu. Akati gwira, phazi limakhala pansi osasuntha, wapansi n'kutsegula nipulo kuti mafuta atuluke ndi mpweya. Akatseka ndi pamene amati siya. Phazi likachoka nipulo ili yotsegula, mpweya umabwerera m'paipi, ndipo galimoto yokhala ndi mpweya m'mabuleki imaima pamene yafuna yokha.

Pampando tsiku limenelo panali Overton, atangokukwatirani miyezi itatu, pantchito imene ndinamupezera ine. Tili pagudumu lomaliza, malemu amayi anatulukira pageti ndi dengu kudzandiona. Nditatuluka pansi ndinapeza pampando palibe munthu. Sindinadabwe, mkamwini saima pamaso pa apongozi. M'mawa mwake lole ija, itasenza ufa wa tirigu, inakana kuima pamtsetse, inaboola mpanda wa nyumba ya manejala n'kukaima m'khola. Nkhuku makumi anayi zinafa. Dalaivala anatuluka wamoyo, woyera mbuu ndi ufa, nthenga zili m'kamwa.

Manejala anafunsa Overton ngati anagwira phazi mpaka mapeto. Iye anaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti, "Bwana, ndinatsika nditamva siya." Ine ndinachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Pofika Loweruka Limbe yonse inali kunditcha Mpweya. Zaka makumi awiri ndinakhala ndikumata matayala ndi kuwotcherera maekizozi, chifukwa panalibe munthu wolola kuti ndikhudze mabuleki ake, ngakhale a njinga. Pamaliro a amayi, woyendetsa mwambo anaimirira n'kunena kuti, "Tsopano timve mawu a kubanja kuchokera kwa a Mpweya." Inu munali pomwepo. Overton anapuma pantchito ali folomani, anamupatsa wotchi ya pakhoma.

Kuno ku Dubai, kumene mwana wa mmwenye amene ndinkamugwirira ntchito ya matayala ananditengera mu 2003, dzina limenelo silinakwere ndege. Anzanga a ku Pakistan amanditcha Chacha, ndiko kuti malume. Koma zinthu zatembenuka. Makireni omangira nyumba aima m'mwamba ngati akuganiza. Nyumba zazitali zasiyidwa zopanda mazenera. Azungu ambiri anathawa, kusiya magalimoto pabwalo la ndege makiyi ali momwemo, fumbi n'kuwakwirira mpaka osadziwika mtundu. Bwana wanga wati khalas, ndiko kuti zatha, galaja itsekedwa mu Epulo. Dokotala nayenso wandimvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndili ndi abale. Dokotala akayamba kufunsa za abale, munthu umadziwa. Choncho ndikubwera kumudzi, ndipo ndikudziwa kuti dzina lija likundidikira pa Chileka lisanakalambe n'komwe.

Tsopano za mwana wanu Edgar, amene tili naye kuno. Anakuuzani kuti wagula galimoto ya banja. Achemwali, galimoto imeneyo ili ndi mipando iwiri. Ndi yachikasu, yafupi ngati kamba, ndipo ikalira mumamva m'mano. Ndi imodzi mwa zosiyidwa zija, anaipeza pamsika wa okushoni. Lachisanu lililonse, limene kuno ndi tsiku lopuma, amapita nayo kubwalo la mpikisano kuchipululu, kumene amuna akuluakulu a maofesi amathamangitsana mozungulira n'kubwerera pomwe anayambira. Musamuuze kuti ndakuuzani ine. Munene kuti munalota.

Mu Disembala anabwera pagalaja pathu nkhope itagwa, kutsogolo kwa galimoto kuli timiyala. Anali atalephera kukhota n'kukalowa m'mchenga. Sanavulale, musadandaule.

"Malume, mabuleki akundithawa," anatero.

"Mabuleki sathawa njira imodzi. Ukaponda, chopondera chimalimba koma galimoto osaima, kapena chimamira?"

"Pali kusiyana?"

"Sukulu yonse ija anakuphunzitsani chiyani? Chikalimba galimoto osaima, ndiye kuti mapadi ogwira gudumu apsa. Chikamira, nkhani ili m'mafuta."

"Chimamira. Ndikazungulira koyamba zili bwino, kachiwiri bwino. Pofika kachisanu phazi limakafika pansi ngati ndaponda papaya lakupsa."

"Galimoto ikazizira?"

"Zimabwerera mwakale ngati palibe chachitika."

"Ndiye mafuta ako akuwira, mphwanga. Ukuphika."

Anatulutsa pepala la galaja ina ya anyamata a makompyuta pafupi ndi kwawo ku Jumeirah Lake Towers. Iwo anamuuza kuti agule makalipa atsopano akuluakulu ofiira, zija zimapana disiki, pamodzi ndi madisiki aakulu ngati malichero. Ndinamufunsa ngati anatsegula n'komwe kabotolo ka mafuta. Anati ayi, anangolumikiza kompyuta. Ndinati munthu akudwala m'mimba, iwo akumugulitsa nsapato zazikulu.

Sindikubisirani, achemwali. Pamene anawerama kuyang'ana gudumu ndinaona makutu a Overton enieni, otambalala aja, ndipo mtima wina unati, mwana wa Likoswe akagule zofiira zakezo. Koma mwana wa mlongo ndi mwana wako. Makutu okha ndiwo a kuchimuna. Ndinakweza galimoto pajeke.

Zimene ndinapeza ndi izi. Mafuta a mabuleki anali akuda ngati tiyi wa pamaliro. Mafuta amenewa amamwa chinyezi, ndipo galimotoyo inaima miyezi isanu ndi itatu pafupi ndi nyanja. Madzi akalowa, mafuta amawira msanga, amachita thovu, ndipo thovu silikankha kanthu. Mapadi anali a m'tauni, oyenera kuimira maloboti, atanyezimira ngati mbale yadothi yopaka. Madisiki anali atasanduka abuluu ndi moto, koma nditawayeza ndinapeza akadali onenepa, osapindika. Mapaipi a labala ankafufuma munthu akaponda, ndinamugwiritsa ndi dzanja lake kuti amve yekha. Ndipo mwini wake woyamba, mzungu wothawayo, anatseka mabowo a mphepo akutsogolo ndi timagetsi tokongoletsa. Mabuleki ankapsa m'chipululu muno popanda ngakhale kamphepo.

Ndinamufunsanso mmene amapondera. Anandisonyeza ndi phazi pasimenti. Amayamba kuponda kutali, pang'onopang'ono, n'kumakoka nthawi yaitali ngati munthu wotsika phiri la Zomba atanyamula mazira. Ndinamuuza kuti kuponda kwamantha kumatentha kuposa kuponda kwamphamvu. Ponda kamodzi, molimba, usiye.

Sitinagule zofiira zija. Tinagula mafuta osawira msanga, mapadi opirira moto, ndi mapaipi olukidwa ndi waya. Timagetsi tija ndinatizula. Mapaipi otengera mphepo kumadisiki ndinawapanga ndekha ndi zotsala za makina oziziritsira m'nyumba, zimene mlonda wina wa ku Mulanje anandipatsa panyumba yosatha ku Silicon Oasis. Anati zatayidwa chaka chathunthu, ndipo mwini nyumba sakudziwika ali dziko liti.

Linatsala ndi tsiku lochotsa mpweya. Pagalaja pathu pali makina ochitira ntchito imeneyi munthu mmodzi, koma ine sindiwakhulupirira, makina sayankha. Ndinakhazika Edgar pampando Loweruka m'mawa, ndinamulangiza ngati namwali. Ndinati ngakhale nyumba igwe, ngakhale foni ilire, phazi lisachoke ndisanati siya. Tinayamba ndi gudumu lakutali, lakumbuyo, monga mwa lamulo. Ponda, gwira, siya. Mnyamatayo anachita bwino.

Tili pagudumu lachitatu, nipulo ili yotsegula, ndinaona mapazi a akazi awiri akulowa m'galaja. Anali mkazi wake Thelma ndi amayi ake, amene abwera kuchokera ku Zomba kudzaona khanda. Ankapita ku Festival City, anangoti apatuke. Ndinati zija zabweranso. Koma Edgar sanasunthe. Anangotulutsa mutu pazenera.

"Mwadzuka bwanji amayi? Mundikhululukire, sindingatsike, malume andimanga mwendo."

"Khalani momwemo bambo," anatero amayi aja akuseka. "Akamwini a masiku ano mumatipatsa moni muli chigonere. Kale mkamwini ankati akationa, timangoona tchire likugwedezeka."

"Akanakhala bambo anga bwenzi atathawa kale," anatero Edgar. "Thelma, ndinakuuza nkhani ya m'matayala?"

"Kawiri. Koma amayi sanaimve."

Ine ndinatseka nipulo, chifukwa dzanja limadziwa ntchito ngakhale mutu utachoka, ndipo ndinatchera khutu ndili pansi pagalimoto.

"Bambo amaifotokoza Khirisimasi iliyonse," anatero Edgar. "Atangokwatira kumene, anali pampando wa lole ku Limbe akuthandiza malume omwewa. Poti lole ndi yaitali, anaona agogo ali kutali akubwera ndi dengu. Anatulukira chitseko chinacho, n'kukadziponya m'mulu wa matayala akale. Ndiye akuti ali m'matayalamo akumva malume akukuwa pansi pa lole kuti, gwira, wagwira? Iwo n'kumayankha ali momwemo kuti, ndagwira, alamu."

Amayi a Thelma anaseka mpaka anatsamira chipupa. Thelma anaseka. Mpakistani mnzanga, amene samva Chichewa, anasekanso poona anthu akuseka.

Ndinatuluka pansi pang'onopang'ono. Ndinati, "Lole yake inali yamtundu wanji?"

"Amati yobiriwira."

"Nkhani imathera pomwepo?"

"Eya. Agogo atapita, bambo anatuluka nyerere zitawaluma thupi lonse. Amayi anga ndiwo amaseka kwambiri pamenepo."

Achemwali, zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine ndinkangokayikira, umboni ndinalibe, ndipo masiku ena ndinkadzifunsa ngati mwina dzanja langa ndilo linachedwa. Pamene inu kumeneko, chaka ndi chaka, mukatha kudya mpunga ndi nkhuku, mumakhala pansi n'kumaseka mlandu wanga. Mwanayo sadziwa za khola la manejala, ndinaona pankhope pake. Koma inu mumadziwa. Munali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, simunali khanda, ndipo tsiku la dengu ndi tsiku la nkhuku ndi masiku otsatizana. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungonena kuti pakati pa mlongo ndi mwamuna munasankha amene anali ndi ntchito.

Ndinatuluka panja, ndinagula tiyi wa karak pakashopu ka pakona, ndinakhala patayala. Ndinaiwala kuti sindinanene siya. Kapena sindinaiwale, Mulungu ndiye adziwa. Patapita mphindi khumi ndinamva mawu ang'onoang'ono.

"Malume, ndisiye?"

"Gwira."

Ndinamwa tiyi wanga. Patapita mphindi zina khumi galimoto yonse inali kunjenjemera pajeke chifukwa cha mwendo wake. Amayi a Thelma anabwera pamene ndinakhala.

"Achimwene, mwanayu walakwanji?"

"Palibe, mayi. Akugwirira bambo ake."

Anandiyang'ana, sanamvetse, koma ndi munthu wamkulu, sanafunsenso. Ndinalowa n'kunena siya. Edgar anatsika akutsimphina, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa mwana ameneyu anagwira phazi mphindi makumi awiri pa mawu anga okha, osafunsa chifukwa. Mwalera bwino. Zimenezi sanatengere kuchimuna.

Magudumu onse anayi ndinawabwereza kawiri. Kenako ndinakwera ndekha pampando, ndinaponda. Chopondera chinali ngati mwala.

Lachisanu lotsatira anaumirira kuti ndipite naye kubwalo. Anandiveka chipewa cholimba chonga mphika, anandimanga malamba anayi ngati mbuzi ya panjinga. Poyamba tinayenda moyesa, kuponda ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, kuti mapadi atsopano azolowerane ndi madisiki. Kenako anati, "Yalla, tiyeni malume," ndipo zimene zinachitika sindingazilembe bwino. Chipupa chinkabwera kudzakumana nafe. Ndinayamba Pemphero la Ambuye, koma ndisanafike pa chakudya chathu chalero tinali titakhota kale kawiri. Ndinkaponda mbali yanga, kumene kulibe chopondera, mpaka nsapato inang'ambika. Kachisanu kanakwana, pamene kale ankamira. Ndinakuwa m'chipewamo kuti, "Chili bwanji?" Anati, "Mwala." Kachisanu ndi chitatu, mwala. Kakhumi ndi chiwiri, mwala. Ndinamuuza kuti azungulire kamodzi pang'onopang'ono kuti zizizire, ndipo akaima asakoke handibuleki, chifukwa mapadi otentha amamatirira padisiki.

Titaima anabwera amuna atatu, mzungu mmodzi ndi Aluya awiri, kudzasuzumira m'magudumu. Anayembekeza kuona zofiira. Anaona mapaipi anga a m'nyumba yosatha. Mmodzi anafunsa kuti, habibi, ndiko kuti bwenzi, wakupangira ndani? Edgar anandiloza, nati m'Chingerezi, awa ndi a Goodwell Nankhuni, katswiri wa mabuleki wa ku Malawi. Anatchula dzina lonse. Ndinachedwa kuvula chipewa chija, ndinanamizira lamba. Sabata yomweyo magalimoto atatu anabwera pagalaja kufuna Chacha wa mabuleki. Bwana wanga anangopukusa mutu, anati mwayi wabwera nyumba itagulitsidwa kale.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kulemba, popeza dokotala wayamba kufunsa za abale. Ichi muwerenge chamumtima, musamuwerengere Overton. Makaniko aliyense amadziwa kuti ukatha kuchotsa mpweya umakwera wekha n'kuponda, kuti phazi lako litsimikize. Tsiku lija ku Limbe sindinakwere. Amayi anali atabweretsa mbatata yootcha ndi thobwa, anali atayenda wapansi kuchokera ku Bangwe, ndipo tinakhala pamthunzi kucheza mpaka belu loweruka linalira. Ndikanaponda kamodzi kokha ndikanadziwa. Manejala sanandifunse zimenezo, ndipo ine sindinadzipereke. Koma mvetsani bwino, kusayang'ana chitseko ndi kulakwa kwina, kuchitsegula n'kuthawa ndi kulakwa kwinanso, ndipo kulumbira dzanja lili pachifuwa ndiye kwachitatu. Iye ali ndi ziwiri, ine chimodzi.

Tsopano moni. Ine ndili bwino monga mmene nkhalamba imakhalira bwino. Mdzukulu wanu wanenepa, ndipo mwamwayi makutu watengera kwa Thelma. Mupereke moni kwa anansi anu a Jean ndi ana, muwauze kuti nsalu ija ndagula, yabuluu monga ananenera. Moni kwa a Gilbert amene ankawotcherera pagalaja ija, ngati akadali moyo, ndi ena onse otsala a nthawi imeneyo. Muwauze kuti asapite patali mwezi wa Epulo, ndidzawafuna. Pamanda pa amayi mulambule, ndikufuna ndikafike osachita manyazi. Inunso achemwali, ndakusowani. Tatsala awiri basi a m'mimba imodzi, ndipo ndatopa kukulemberani makalata odumpha dzina la munthu amene mumadya naye mbale imodzi. Chipinda chakumbuyo chija, ngati simunaikemo chimanga, mundisungire.

Kwa Overton moni ndidzapereka ndi pakamwa, akachita chinthu chimodzi. Sindikufuna mbuzi, sindikufuna wotchi yake, sindikufuna kuti agwade, maondo ake ndikuwadziwa. Ndikafika, muphike monga mumaphikira pa Khirisimasi. Muitane a Gilbert, muitane woyendetsa mwambo uja ngati alipo, ndi aliyense amene ananditchapo Mpweya. Tikatha kudya, Overton afotokoze nkhani yake ya m'matayala monga amaifotokozera, ndi manja omwe, ndi nyerere zomwe. Anthu aseke, inenso ndidzaseka, chifukwa ndi nkhani yoseketsadi. Koma ulendo uno asaimire panyerere. Apitirize mpaka m'mawa mwake, mpaka pamtsetse, mpaka pankhuku, mpaka pamene anaika dzanja pachifuwa. Akafika pamenepo ine ndidzanena zanga, ndipo tidzagwirana chanza.

Akakana, mumuuze kuti ndidzafera m'chipinda chakumbuyocho dala, ndipo iye ndiye adzaimirire pamaliro kuuza anthu dzina la womwalirayo.

Ndine mlongo wanu,

Goodwell Nankhuni